Diablo III: mafunso ndi mayankho pa ma bug, katundu wogwa ndi kusewera pagulu

Diablo III inatuluka pa 15 Meyi 2012, koma gemu imene mungagule lero si imene anthu anagula tsiku limenelo ayi. Dzina ndi lomwelo, ziwanda ndi zomwezo, koma malamulo a katundu amene amagwa mukapha chilombo anawagwetsa n'kuwamanganso. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amabwerabwera kuchokera kwa ongoyamba kumene, komanso kwa aja anaitaya gemuyi mokwiya m'chaka choyamba ndipo akufuna kudziwa ngati n'koyenera kubwerera.

Kwa amene sanaigwirepo, gemuyi ndi yotani?

Ndi ya kampani ya Blizzard Entertainment ya ku California. Mumasankha ngwazi imodzi mwa mitundu isanu ndi iwiri: Barbarian, Demon Hunter, Monk, Witch Doctor, Wizard, Crusader amene anabwera mu 2014, ndi Necromancer amene anabwera mu Juni 2017. Ntchito yake ndi kupha ziwanda. Chiwanda chikafa chimagwetsa golide, zida ndi zovala zankhondo. Mumatola, mumavala zabwinozo, mumakula mphamvu, mumakapha ziwanda zolimba kuposa zija kuti zigwetse katundu woposa uja. Nkhani yake ilipo, ya angelo ndi mafumu a ku Gehena, koma chimene chimasunga munthu pampando mpaka tambala woyamba ndi katunduyo.

Error 37 imene anthu amaitchulabe ija inali chiyani?

Unali uthenga umene unkatuluka poyesa kulowa, wonena kuti maseva adzaza. Anthu 3.5 miliyoni anagula gemuyi m'maola 24 oyamba, maseva analephera kusenza khamu lonselo, ndipo ambiri anathera usiku woyamba akulemba pasiwedi mobwerezabwereza. Chinapweteka kwambiri n'chakuti pa kompyuta gemuyi siyenda popanda intaneti, ngakhale mukufuna kusewera nokha. Munthu wagula ndi ndalama zake, gemu ili mu kompyuta yake, koma sangaitsegule chifukwa seva ya kutali yatopa. Ku South Korea madandaulo anachuluka mpaka akuluakulu a boma oona za malonda anakafufuza ku ofesi ya Blizzard ku Seoul, ndipo kenako kampaniyo inavomera kubweza ndalama kwa ena.

Sabata yomweyo panalinso Error 3006, imene inali yoseketsa kwa amene sinamugwere. Wosewera ndi Demon Hunter akapatsa chishango Templar, mthandizi woyamba amene mumakumana naye, gemu inkamutulutsa n'kumukaniza kulowanso. Anaikonza m'masiku ochepa.

Patch ndi hotfix zimasiyana bwanji?

Patch mumaitsitsa pa makina anu, imakhala ndi nambala monga 1.0.8 kapena 2.7.0, ndipo imabwera ndi mndandanda wa zonse zimene zasintha. Hotfix imachitikira ku seva. Simutsitsa kanthu, mumangoona kuti chinthu chimene chinkachitika dzulo lero chaleka. Mwachitsanzo, mu Julayi 2012 anthu anatulukira kuti Wizard akaphatikiza luso la Teleport ndi la Archon mwa njira inayake, ankasanduka wosafa. Izi sakanadikira nazo patch, anangozitseka ku seva.

Patch zikuluzikulu zinkayamba zayesedwa pa seva yoyesera yotchedwa PTR, kumene aliyense ankatha kulowa n'kumasaka zolakwika. Osewera ndi ambiri kuposa ogwira ntchito pakampani, ndiye mwa sabata imodzi amapeza zimene oyesa a pakampani sanazione.

Bug, kutanthauza cholakwika cha mu pulogalamu, yaikulu kuposa zonse inali iti?

Ya golide, mu Meyi 2013. Nthawi imeneyo gemuyi inali ndi msika wa okushoni kumene anthu ankagulitsa golide wa mu gemu ndi ndalama zenizeni. Patch 1.0.8 inakweza mulu wa golide wogulitsa kuchoka pa 1 miliyoni kufika pa 10 miliyoni, choncho anthu anayamba kuika golide wa mabiliyoni pamsika nthawi imodzi. Apa ndi pamene panagona vuto. Malo amene pulogalamu inkasungira nambalayo anali a 32-bit, ndipo malo otere ali ndi malire, pang'ono kupitirira 2 biliyoni. Nambala ikadutsa pamenepo imasefukira, masamu n'kusokonekera. Munthu ankaika golide wochuluka pamsika, n'kuchotsanso asanagulidwe, ndipo wobwera m'thumba ankaposa amene anaika. Akabwereza kangapo, anali ndi chuma chimene wina sangachipeze ngakhale atasewera moyo wake wonse.

M'maola ochepa mitengo pamsika inapenga. Blizzard inatseka okushoni ya ku America, kumene patch inayambira, n'kukonza vutolo isanafike ku Ulaya ndi ku Asia. Anthu ambiri ankafuna kuti maseva abwezeredwe m'mbuyo ngati tsikulo silinachitike, koma kampaniyo inakana, poti zikanafufutanso zimene osalakwa anapeza mwachilungamo. M'malo mwake inalondola maakaunti amodziamodzi. Inanena kuti amene anadyerera dala bug imeneyi anali 415, ndipo ndalama zochokera ku malonda awo inazipereka ku bungwe la Children's Miracle Network Hospitals.

Nanga ndikapeza bug yondikomera, ndiigwiritse ntchito?

Ikakuchitikirani mwangozi kamodzi palibe adzakufunseni. Mukayamba kuibwereza dala, mukusewera ndi akaunti yanu. Anthu analetsedwapo, ena kwa masiku, ena mpaka kalekale, ndipo mayina awo anachotsedwa pa mndandanda wa opambana. Zinachitika mu 2015 ndi mkanda wa Hellfire Amulet, pamene ena anapeza njira yokhalira ndi maluso ambiri kuposa ololedwa. Seva imasunga mbiri ya zimene mwachita, ndiye kukana sikuthandiza.

Chinalakwika n'chiyani ndi katundu wogwa poyamba paja?

Zinthu zitatu, ndipo zinkadyetsana.

Choyamba, katundu ankagwa wambiri koma wachabechabe. Mphamvu za pa chida zinkabwera mwachisawawa osayang'ana amene wapha chilombocho. Wizard amafuna Intelligence, Barbarian amafuna Strength, Demon Hunter ndi Monk amafuna Dexterity. Koma munkatha kutola chipewa chimene Wizard yekha ndiye angavale, chili ndi Strength. Phodo la mivi la Demon Hunter, lili ndi Intelligence. Kunali ngati kufukula mulu wa kaunjika tsiku lonse n'kumangotola nsapato za phazi limodzi.

Chachiwiri, zida za legendary, zimene zimayenera kukhala chimake cha gemu yonse, zinali zosowa ndiponso zofooka. Munthu ankasewera masabata osaona ngakhale chimodzi, ndipo chikagwa ankapeza kuti lupanga wamba la buluu limene ali nalo kale likuposa.

Chachitatu chinali gawo lovuta kwambiri lotchedwa Inferno. Nkhani ya gemuyi inagawidwa m'zigawo zotchedwa Act, ndipo zida zapamwamba zinkagwa mu Act III ndi Act IV, koma kuti mufike kumeneko munafunika kudutsa Act II, kumene mavu a m'chipululu ankakuphani ndi mbola ziwiri zitatu. Kuti mudutse munafunika zida zimene zili kutsogolo kumene simungafikeko. Anthu anayamba kuzemba nkhondo. Ankangophwanya miphika, kutsegula mabokosi ndi kuthamangitsa tiziwanda tonyamula matumba a chuma, kutuluka mu gemu n'kulowanso, kubwereza zomwezo. Gemu yopha ziwanda inasanduka yophwanya miphika.

Blizzard inayesa kumata. Patch 1.0.3 inalola zida zapamwamba kugwa kuyambira mu Act I. Patch 1.0.4, mu Ogasiti 2012, inawonjezera mphamvu za ma legendary n'kubweretsa malevulo 100 a Paragon, amene munthu amakwera akafika pa levulo yomaliza. Patch 1.0.5 inabweretsa Monster Power kuti munthu azisankha yekha kulimba kwa zilombo. Zonsezi zinathandiza, koma muzu wa vuto unali usanazulidwe.

Muzuwo ndiye okushoni? Anaitsekeranji, poti inkabweretsa ndalama?

Panali misika iwiri, wa golide ndi wa ndalama zenizeni, umene unatsegulidwa mu Juni 2012. Pa wa ndalama chida chimodzi chinkatha kufika madola 250, ndipo Blizzard inkadulapo yake pa malonda aliwonse. Cholinga chimene ananena chinali chomveka ndithu: mu Diablo II anthu ankagulitsana zida m'makona a intaneti n'kumaberana, ndiye kuli bwino msika ukhale wovomerezeka.

Koma taganizirani. Ngati anthu mamiliyoni akutola zida n'kumaziunjika pamsika umodzi, chida chabwino kwambiri chimene inu mungatole nokha pa mwezi wathunthu chilipo kale pamsikapo, choposa, pamtengo wa golide wa ola limodzi. Njira yachidule yokulira mphamvu inakhala kukhala pa msika, osati kupha ziwanda. Ena anasiyiratu nkhondo n'kukhala mavenda, kugula motchipa usiku, kugulitsa modula masana. Ndipo amene wavala zogula sapezanso chosangalatsa pansi, poti chilichonse chogwa n'chochepera zimene wavala.

Jay Wilson, amene anatsogolera kupanga gemuyi, anachoka pa udindowo kumayambiriro kwa 2013, ndipo chaka chomwecho anavomera poyera kuti okushoni inaipweteka gemuyi. Josh Mosqueira, amene ankatsogolera gulu lopanga ya pa console, anatenga udindo. Ya pa PlayStation 3 ndi Xbox 360 inatuluka mu Seputembala 2013 yopanda okushoni, katundu akugwa mowolowa manja, ndipo anthu anaikonda kuposa ya pa kompyuta. Mwezi womwewo Blizzard inalengeza kuti misika yonse iwiri itsekedwa. Inatsekedwa pa 18 Malichi 2014.

Loot 2.0 inasintha chiyani kwenikweni?

Inabwera ndi patch 2.0.1 kumapeto kwa Febuluwale 2014, mwezi umodzi gawo lowonjezera la Reaper of Souls lisanatuluke pa 25 Malichi. Mfundo yake inali yakuti katundu azigwa wochepa koma wabwino. Zambiri zimene zimagwa tsopano zimayang'ana ngwazi imene mukusewera nayo, ndiye Wizard amatola za Intelligence. Kusiyana kwa pakati pa chida chofooka ndi champhamvu cha mtundu umodzi anakuchepetsa, kuti chimene mwatola chisakhale chonyozeka kotheratu.

Chachikulu chinali ma legendary. Anasiya kukhala zida za manambala okwera chabe, anayamba kusintha kaseweredwe. Mphete ina imachititsa kuti zovala za seti, zimene zimapereka mphamvu yapadera zikavalidwa pamodzi, zigwire ntchito ngakhale chikusowa chimodzi. Nsapato zina zimachulukitsa mizimu imene Monk amaitana kuti imuthandize. Mukatola chotere mumasintha maluso onse kuti agwirizane nacho. Ndipo chikagwa simungachiphonye: kumamveka kabelu, kuwala kwa olenji kumaima kuchokera pansi mpaka kumwamba, ndipo pa mapu pamaoneka nyenyezi. Chikakhala cha seti kuwalako n'kobiriwira. Ndikuganiza kuti amene anapanga kaphokoso kameneko anagwira ntchito yoposa ya anthu ambiri pakampanipo.

Mu Meyi 2014, pokondwerera zaka ziwiri za gemuyi, anachulukitsa kawiri mwayi wa ma legendary kwa sabata imodzi. Anthu anasangalala kwambiri moti sabata itatha Blizzard inangozisiya choncho mpaka lero.

Mtengo wake unalipo. Ma legendary, zida za seti ndi golide anazimangirira ku akaunti, kutanthauza kuti simungagulitse kapena kupatsa munthu wina aliyense. Amene ankakonda malonda a mu Diablo II anadandaula, ndipo anali ndi mfundo. Ine ndimaona kuti kusinthaku kunali koyenera. Chida chimene mwachitola nokha pansi, mutapha chilombo chimene chinakuphani kawiri, mumachikumbukira. Chogula simuchikumbukira.

Chida chimene ndikufuna sichikugwa. Ndingodikira?

Ayi, njira zilipo zothamangitsira mwayi.

Kadala ndi mayi wa juga amene amaima m'tauni mu Adventure Mode, kaseweredwe kongosaka zilombo kosatsata nkhani. Mumamupatsa timiyala totchedwa ma Blood Shard timene mumapeza mu ma Greater Rift, malo a nkhondo yothamanga ndi nthawi amene amalimba malinga ndi nambala yake, iye n'kukupatsani chinthu chosadziwika cha mtundu umene mwasankha. Zovala ndi 25, mphete 50, zida zomenyera 75, mkanda 100. Nzeru ndi kugula zotchipazo, magolovesi, nsapato, malamba, chifukwa mumayesa kambiri. Kutaya ma shard pa mikanda ndi kudzilanga.

Zida zomenyera zili ndi njira yake, Kanai's Cube, bokosi limene linabwera ndi patch 2.3 mu Ogasiti 2015. Mumakalitenga ku Ruins of Sescheron mu Act III. Mukaikamo chida chachikasu cha levulo 70, ndi Death's Breath 25 (chipangizo chimene zilombo zikuluzikulu zimagwetsa), ndi zipangizo zina zitatu 50 chilichonse, chimatuluka legendary ya mtundu womwewo. Ngati mtunduwo uli ndi ma legendary ochepa, mwayi wopeza chimene mukufuna ndi waukulu. Bokosi lomweli limathanso kuyamwa mphamvu ya legendary n'kuisunga, ndiye mumakhala ndi mphamvu zitatu zowonjezera, ya chida, ya chovala ndi ya mphete kapena mkanda, osavala zinthuzo. Mwa njira imeneyi ngakhale legendary ya manambala oipa ili ndi ntchito. Dzinali analipereka pokumbukira Kevin Kanai Griffith, wojambula wa pa Blizzard amene anamwalira mu 2014.

Chida chikakhala chabwino koma chili ndi mphamvu imodzi yosafunika, pitani nacho kwa Myriam, mayi wa Mystic. Amasintha mphamvu imodzi yokha, ndipo mukasankha imeneyo simungadzasinthenso ina, ndiye ganizani kaye. Mtengo umakwera ulendo uliwonse.

Mukasewera mu sizoni, nyengo ya miyezi ingapo imene aliyense amayamba ndi ngwazi yatsopano, palinso Haedrig's Gift, imene imakupatsani seti yathunthu ya zidutswa zisanu ndi chimodzi mukamaliza ntchito zoyambirira za ulendo wa sizoniyo.

Ancient ndi Primal ndi chiyani?

Ancient ndi legendary yomweyo koma manambala ake ndi okwererapo, ndipo pafupifupi imodzi mwa khumi imagwa yotero. Primal, imene inabwera mu 2017, ili ndi manambala onse pamapeto penipeni ndipo kuwala kwake n'kofiira. Siyamba kugwa mpaka mutamaliza Greater Rift 70 muli nokha. Musaisake, idzabwera ikafuna, ndipo kawirikawiri imabwera pa chinthu chimene simuvala.

N'chifukwa chiyani amafooketsa chinthu chimene ndangochizolowera?

Chifukwa njira imodzi ikaposa zonse, aliyense amaitsatira ndipo gemu imatha kukoma. Koma kufooketsa kumawawa, makamaka pamene munthu analipira. Patch 1.0.3 inadula pakati liwiro la kumenya limene linali pa zida, ndipo anthu amene anagula zida zotero ndi madola anadzuka m'mawa chuma chawo chitafota.

Kuchokera pamenepo Blizzard inkakonda kukweza zofooka m'malo motsitsa zamphamvu, ndipo kusintha kwakukulu inkakusungira pakati pa sizoni ndi sizoni. Zotsatira zake mumaziona pa manambala. Seti zina zimawonjezera mphamvu ndi maperesenti masauzande, ndipo kumenya kumodzi kumafika m'mathiriliyoni. Magawo a Torment, amene ndi ovuta kuposa onse, anayamba ali 6, anafika 10, kenako 13, pano ali 16, kuthamangitsa mphamvu zimene iwo omwe anapereka. Kuipa kwake n'kwakuti wopanda seti kapena mwala wa Legacy of Dreams sapita patali, ngakhale atakhala waluso chotani.

Tingasewere angati pamodzi, ndipo kodi tizilimbirana katundu?

Anayi. Pa intaneti aliyense amaona katundu wake yekha. Chimene chagwa pa sikirini yanu mnzanu sachiona, ndiye palibe zothamangira kutola ngati mu Diablo II, mmene wa intaneti yachangu ankasesa zonse anzake akumenyabe nkhondo. Kusintha kumeneku kunapulumutsa maubwenzi ambiri.

Lamulo lomangirira ku akaunti lija lili ndi kakhomo kamodzi. Legendary ikagwa, muli ndi maola awiri oipereka kwa munthu amene anali nanu mu gemu pamene inkagwa. Mumangoiponya pansi iye n'kutola. Choncho anthu awiri osewera ndi ngwazi za mtundu umodzi amavala msanga, poti chimene wina ali nacho kale amapatsa mnzake. Mukangoisintha kwa Mystic, khomo latsekeka.

Tikachuluka zilombo zimalimba?

Moyo wawo umawonjezeka, koma kumenya kwawo ayi. Poyamba zinkawonjezeka zonse ziwiri, ndipo mu Inferno mnzanu akalowa mu gemu yanu munkadandaula m'malo mosangalala, chifukwa zilombo zimene munkalimbana nazo bwinobwino zinkayamba kukuphani. Anthu ankatseka zitseko n'kumasewera okhaokha. Patch 1.0.3 inachotsa kumenya kowonjezerako. Patch 1.0.8 inatsitsa moyo wowonjezera kufika pa 50 peresenti pa munthu aliyense wolowa, n'kuika bonasi kwa osewera pamodzi, komanso chizindikiro pa mapu chosonyeza kuti mnzanu wakumana ndi gulu la zilombo zazikulu. Ndi patch yomwe ija ya bug ya golide, ndiye zabwino zake anthu anaziiwala.

Zina zothandiza kudziwa: mukadina mbendera ya mnzanu m'tauni mumafika pomwe ali, akafa mungamudzutse mukaima pa manda ake kwa masekondi ochepa, ndipo mpira wofiira wa moyo ukatoledwa ndi mmodzi umachiritsa onse ali pafupi. Pa ma bounty, ntchito zazifupi za mphoto zimene zimakhala zisanu mu Act iliyonse, anthu anayi amagawana, aliyense kwake, ndipo mphoto ya pamapeto amalandira onse. Koma mu Greater Rift musabalalike. Muli ndi mphindi 15 zokha.

Ndinalowa m'gulu, wina sankapha kanthu koma anzake ankamutamanda. Zikutheka bwanji?

Ameneyo ndi wothandizira, amene osewera amamutcha zDPS. Pa ma Greater Rift apamwamba, amene amathera pa 150, timu ya anthu anayi omenya okhaokha siipita patali. Barbarian wothandizira amathamanga kutsogolo, kukoka zilombo zobalalika n'kuziunjika malo amodzi, kwinaku akuphimba anzake ndi luso la Ignore Pain kuti asafe. Demon Hunter kapena Monk wothandizira amafooketsa muluwo kuti uzimva kuwawa kwambiri. Kenako womenya mmodzi amagwetsa mulu wonse, ndipo wina amasungidwira chilombo chachikulu cha pamapeto. Pa ntchito zonsezi yovuta kwambiri ndi ya Barbarian uja, chifukwa ndiye amasankha poima, pothawa ndi zilombo zoti azisiye. Akalakwitsa iye, womenya angakhale ndi zida zabwino bwanji, nthawi imatha.

Kwa wongoyamba, iyi ndi njira yabwino yolowera m'magulu amphamvu, poti zida za wothandizira sizifuna manambala apamwamba.

Tingasewere pa TV imodzi? Nanga wa PlayStation ndi wa kompyuta angakumane?

Pa console, anthu anayi angasewere pa TV imodzi popanda intaneti n'komwe. Izi zilipo pa PlayStation, pa Xbox, ndi pa Nintendo Switch imene inalandira gemuyi mu Novembala 2018. Pa kompyuta palibe. Chovuta chake n'chimodzi: wina akatsegula thumba lake kuti aone zida, onse amaima kumudikira. Gwirizanani kuti zoyang'ana katundu ndi za m'tauni, apo ayi pakhala mmodzi wowerenga manambala a magolovesi atatu enanu mukuyasamula.

Kukumana kwa makina osiyana kulibe. Wa PlayStation amasewera ndi a PlayStation, wa kompyuta ndi a kompyuta. Zimenezo zinabwera ndi Diablo IV mu 2023.

Mnzanga ali pa levulo 70, ine ndangoyamba. Tingasewere limodzi?

Mungathe. Pa console pali Apprentice Mode imene imakweza mphamvu za wamng'onoyo kuti asamangofa. Pa kompyuta anthu amachita zokokana: wamkulu amatsegula gemu pa Torment, inu mumaima pakhomo kapena kumutsatira chapatali, ndipo posakhalitsa mwafika 70. Ngati ndi ulendo wanu woyamba, kanani. Mudzafika pamwamba muli ndi maluso onse otseguka koma osadziwa ntchito ya lililonse. Yambani mwadutsa nkhani yonse pang'onopang'ono, zokokanazo mudzachite pa ngwazi yachiwiri.

Kodi wosewera yekha saponderezedwa?

Amaponderezedwa, tisanamizane. Gulu limamaliza ma rift apamwamba mwachangu, limapeza Paragon yambiri, miyala yawo ya mphamvu yoika pa mphete ndi mikanda imakwera msanga, kenako anthu omwewo amabwera pa mndandanda wa osewera okha ali ndi mphamvu zimene anazipeza pagulu. Dandaulo limeneli linakhala zaka zambiri. Patch 2.7.0 mu 2021 inalola athandizi atatu a mu gemu, Kormac (Templar uja), Lyndon ndi Eirena, kuvala zida zambiri ndi kugawira mwini wawo mphamvu zina, ndipo athandiziwa amapezeka mukakhala nokha basi. Yankho lenileni linabwera mu Sizoni 29, mu Seputembala 2023, ndi Solo Self Found. Ngwazi yotere silowa m'gulu, silandira kanthu kwa munthu, ndipo ili ndi mndandanda wakewake. Linachedwa ndi zaka pafupifupi khumi, koma linafika.

Gemu ikudukaduka. Ndi bug kapena ndi netiweki yanga?

Yang'anani kachizindikiro ka latency, kosonyeza kuchedwa kwa netiweki, pansi pa sikirini. Kakakhala kobiriwira koma zithunzi zikugwedezeka, vuto ndi kompyuta yanu, tsitsani zokongoletsa. Kakakhala kachikasu kapena kofiira, ndi njira ya pakati pa inu ndi seva. Maseva a pa kompyuta ali m'zigawo za America, Ulaya ndi Asia. Ku Africa kulibe, ndiye wosewera ali ku Lilongwe, Chipata kapena Johannesburg amasankha Ulaya, ndipo kuchedwa kopitirira 150 ms n'kwachizolowezi. Gwirizanani chigawo ndi anzanu musanayambe, chifukwa ngwazi ya ku Ulaya siwoloka kupita ku America. Gemu ikamangodzitsekera yokha, yesani Scan and Repair mu pulogalamu ya Battle.net musanaitsitsenso yonse n'kutha bandulo pachabe.

Pali kudukaduka kwina kochokera ku seva yeniyeniyo. Anthu anayi akaunjika zilombo mazana pamalo amodzi, makamaka atavala zida za Area Damage, mphamvu yovulazanso zilombo zozungulira chimene mwamenya, seva imalephera kuwerengera msanga ndipo zonse zimaima kwa kamphindi. N'chifukwa chake othandizira amauzidwa kuchotsa Area Damage pa zida ndi pa Paragon yawo.

Ndisewere Hardcore?

Mu Hardcore ngwazi ikafa yafa, pamodzi ndi zonse zimene yavala. Blizzard siibweza pa chifukwa chilichonse, kaya ndi bug, kaya seva, kaya netiweki. Kulumikizana kukaduka muli pakati pa nkhondo, ngwazi yanu imatsala itaima pomwepo kwa masekondi angapo zilombo zikuidya. Ngati kwanuko magetsi amathima osatsanzika, ganizani kawiri, kapena sewerani pa laputopu ya batire yabwino ndi intaneti ya pafoni. Ndipo musaiwale luso lopulumutsa ku imfa kamodzi, limene mtundu uliwonse wa ngwazi uli nalo.

Pa console munthu wosamudziwa wandiponyera lupanga lopha chilichonse kamodzi. Nditole?

Lisiyeni. Pa console mbiri ya ngwazi imasungidwa pa makina a mwini wake, ndiye ena amaisintha n'kupanga zida zabodza za mphamvu zosatheka. Mukalowa gemu ya anthu wamba n'kukumana ndi wotere, mungakwere malevulo a Paragon mazana m'mphindi zochepa, ndipo zimenezo sizibwezeka. Sewerani ndi anthu amene mukuwadziwa, kapena mu sizoni, imene inafika pa console mu 2017 ndipo katundu wakale saloledwamo.

Kodi akuikonzabe gemuyi?

Maseva akuyenda ndipo masizoni akubwerabe miyezi ingapo iliyonse, koma zatsopano zinathera pa Sizoni 29. Kuyambira Sizoni 30 amangobwereza mitu ya masizoni akale, ndipo zina zimene anthu anazikonda, monga guwa la Altar of Rites la mu Sizoni 28, anazisiya kuti zikhale za nthawi zonse. Musayembekezere kusintha kwakukulu pa mphamvu za maseti. Gulu lalikulu la opanga linasamukira ku Diablo IV, imene nayonso, isanathe chaka, inafunika kukonzedwa katundu wake wogwa. Sizoni yake yachinayi, mu Meyi 2024, anaitcha Loot Reborn, ndipo mfundo yake inali yakuti katundu azigwa wochepa koma wabwino.